Tepi Yofiira pa Njinga ya a Nkhoma

Ntchito yanga yoyamba kuno ku London ndinaipezera panja pa tchalitchi, ndili ndi kapu ya tiyi m'manja. Ndinali nditangofika kumene kuchokera ku Chipata, ndikukhala kwa azakhali ku Lewisham, kungodya ndi kugona ngati mlendo wosachoka. Mapemphero atatha, bambo ena aatali ngati mlongoti, imvi zili mbuu, anandifunsa kwathu. Nditatchula Chipata anaseka.

"Ku Chipata mwana amabadwa atagwira sipana. Iwe umatha kuwongola wilo la njinga?"

Ndinawayankha kuti atate anga ankakonza njinga pamsika, ndipo ine ndinakulira pa girizi, osati pa zidole.

Amenewo anali a Nkhoma. Anabadwira pa famu ina ya fodya ku Zimbabwe, makolo awo ochokera ku Dedza, ndipo Chichewa chawo chinali chakale, chokoma m'khutu. Lolemba lake ananditengera ku shopu ya njinga kumene ankayang'anira amakaniko. Anandipatsa wilo lopindika ndi kasipana ka masipoko, iwo n'kupita kukayatsa ketulo. Atabwerako analizunguza, kuliyang'anitsitsa, kenako n'kuuza mwini shopu, mzungu wosalankhulalankhula, kuti uyu ndi wathu. Basi, ntchito n'kuyambira pomwepo.

Koma abale, njinga za kuno zinandithetsa matama. Kwathu njinga ndi chitsulo: ikavuta umaimenya ndi hamala, imamva. Zothamangira pamsewu za kuno n'za kaboni, osati chitsulo, zopepuka moti umanyamula ndi zala ziwiri, ndipo ukalimbitsa bauti mopitirira, felemu imang'aluka osakuuza n'komwe. A Nkhoma anandilanda hamala tsiku loyamba lomwelo, n'kundipatsa sipana ya toki, ija imalira kuti "tha" ikafika pa mlingo wake. "Ikalira, siya," anatero. "Mphamvu zako za ku Chipata uzizisiya pakhomo."

Nyengo yozizira ikamatha, ntchito yathu yaikulu inali kulongedza njinga m'mabokosi olimba kuti zikwere ndege. Anthu a kuno akatopa ndi mvula ndi mabasi amathawira ku chilumba cha Mallorca ku Spain, kukapalasa m'mapiri. Kuyambira Malichi mpaka Meyi mabokosi ankafika kudenga. Umachotsa mapedulo, osaiwala kuti la kumanzere limamasuka mobwerera. Umachotsa mawilo n'kuphwetsa matayala pang'ono. Kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo umakamasula n'kukakulunga m'siponji, mahandulo n'kuwatembenuza kuti agone m'mbali mwa felemu. Koma usanakhudze chilichonse, umatenga tepi n'kuzunguliza pa paipi ya chishalo, pomwe ikulowera mu felemu. A Nkhoma yawo inali yofiira, ndipo pa nkhani imeneyi sankaseka.

"Dailesi, tepi poyamba. Munthu akafika kutaliko alibe makaniko. Akabwezera chishalo pa tepi, njinga imamudziwanso mwini wake. Ukaiwala, bondo lidzamupweteka pa phiri loyamba, ndipo adzatukwana iweyo."

Makasitomala akabwerako atapsa ndi dzuwa, a Nkhoma ankatula zida n'kuyamba kuwafunsa ngati apolisi. Chilumba chija anachiloweza ndi makutu okha. Ankadziwa kamsewu kopapatiza kodutsa pakati pa mipanda ya miyala, kumene munthu umapalasa m'mawa wonse osakumana ndi galimoto, ukungomva mabelu a nkhosa. Ankadziwa kamudzi ka pamwamba pa phiri kokhala ndi mpopi wa madzi akumwa pabwalo la tchalitchi, ndi kona imene mbuzi zimakonda kugona pakati pa msewu. Wina akawafunsa kuti inu munapitako liti, ankangoti, "Chaka chamawa."

Chimene ankafunitsitsa chinali mitengo ya azitona. Tsiku lina tikumwa tiyi anandiuza kuti, "Moyo wanga wonse ndawerenga za azitona m'Baibulo, koma mtengo wake sindinauonepo. Ndikufuna ndikwere phiri ndi miyendo yangayi, ndikapume pansi pa umodzi." Koma chaka chamawacho chinkangosuntha. Poyamba anali mapepala, asanalandire pasipoti ya kuno. Kenako maliro a kwawo ankadya tchuthi chonse. Chowawa china, nyengo yabwino yopitira inali yomweyo imene shopu sinkatha kuwamasula, chifukwa wodziwa kulongedza anali iwo okha.

Njinga yawo anaimanga okha pang'onopang'ono: felemu yobiriwira imene kasitomala wina anaisiya, magiya apa, mawilo apo. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ankapita nayo ku chitunda cha Shooters Hill, kukwera ndi kutsika kuti miyendo izolowere. Ine ndinkawaseka: "Bambo, liwiro limenelo mukamafika pamwamba mbuzi zidzakhala zitagona." Iwo amvekere, "Zidzadzuka, zione nkhalamba ya ku Dedza!"

Chaka changa chachiwiri, mwini shopu anawauza kuti Dailesi tsopano atha kugwira mabokosi yekha, apite mu Epulo. Tikiti inagulidwa. Ndinawapempha kuti njinga yawo ndilongedze ine. Anaima pambali, manja kumbuyo, ngati mphunzitsi woyang'anira mayeso. Ndinazunguliza tepi yofiira, paipi ili pamwamba zedi chifukwa cha miyendo yawo ija, n'kuchita zina zonse mwa dongosolo lake. Nditatseka bokosi anati, "Wakhoza, mwanangu." Mawu amenewo anali asanandiuzepo.

Kutatsala masiku ochepa, anagwa m'bafa m'mawa akukonzekera kubwera kuntchito. Inali sitiroko. Ndinakawaona kuchipatala cha ku Lewisham, mbali imodzi ya nkhope itagwa, mawu akutuluka movuta. Ndinawerama kuti ndimve. Anati, "Matayala... unaphwetsa?" Ndinati ndinaphwetsa Bambo, zonse zili m'malo, ikungodikira inu. Anatsinzina ngati akhutira. Mlungu umene anayenera kukhala m'mapiri ndi umene tinkaimba nyimbo za maliro m'nyumba mwawo. Ndege anakweradi, koma ya ku Harare, ali m'bokosi.

Bokosi la njinga linatsala kuseri kwa shopu, pafupi ndi ketulo, aliyense akulilambalala. Linakhala pamenepo miyezi, mpaka Mayi Nkhoma anabwera tsiku lina atavala zakuda. "Mwanangu, igulitseni," anatero. "Ana sapalasa njinga, ndipo ine sindingathe kumaiona m'nyumba." Wogula anapezeka msanga: bambo wina, namwino wa ku Edmonton konkuno ku London, wamtali ndithu koma osafika pa a Nkhoma. Ankafuna njinga yopita nayo ku Mallorca komweko ndi anzake.

Tsiku limenelo ndi limene linandivuta kuposa onse pa ntchito imeneyi. Ndinatsegula bokosi limene ndinatseka ndekha. Siponji iliyonse inali pomwe ndinaiika. Ndinabwezera mawilo, kupopa matayala, kumanga mapedulo, sipana ikulira "tha, tha," ine ndikudziuza kuti ndi njinga chabe. Chishalo ndinachibwezera pa tepi ndendende, manja akuchita okha. Bambo uja atakwera kuti tiyeze, chidendene chake sichinafike pa pedulo. Anandifunsa mwaulemu m'Chingerezi ngati ndingatsitseko chishalo pang'ono.

Kuti chishalo chitsike, paipi iyenera kulowa mu felemu, ndipo tepi singalowe nayo. Iyenera kuchoka. Mayo ine! Ndinangoima, kakiyi komasulira chishalo kali m'manja. Kamzere kofiira kameneko kanali utali wa miyendo ya a Nkhoma, ndipo mu shopu monse munalibenso china chowayeza iwo. Mwini shopu anaona, anayandikira kuti achite yekha. Ndinakana. Tepiyo ndinaimatula ndi chikhadabo pang'onopang'ono kuti isaduke, misozi ikugwera pa felemu, kasitomala akuyang'ana kumbali. Kenako ndinatsitsa chishalo, kuyang'ana mmene bondo lake likupindikira, kumanga mpaka sipana inalira, n'kuzunguliza tepi yatsopano. Ndinaika yakuda, yofiira sindinathe.

Njinga inapita ku Mallorca. Patadutsa milungu ingapo inabweranso m'bokosi lake kuti tiimange, ili ndi fumbi loyera m'magiya ndi pa mabuleki. Bambo uja anati misewu ndi yabatadi monga anamvera, ndipo tsiku lina dzuwa litawakulira anapuma pansi pa mitengo ya azitona. Iye sankadziwa kanthu, ankangocheza. Ndinamufunsa kuti mitengoyo imaoneka bwanji. Anati ndi yaifupi, yopindikapindika, masamba ake otuwa. Ndinamuthokoza, n'kupita kuseri kukalira. Fumbi lija ndinalitsuka mawa lake, chifukwa tsikulo dzanja linakana.

Lero ndine amene ndimayang'anira amakaniko mu shopu yomweyo. Watsopano aliyense ndimamulanda hamala n'kumuuza kuti tepi poyamba, ndipo ndimaonetsetsa kuti kulongedza akudziwa anthu angapo, osati mmodzi. Katepi kofiira kaja ndinakamata pa chogwirira cha sipana yanga ya toki, ndipo pano kada ndi girizi. Mtima umandiwawabe, sindibisa. Wantchito akandiuza kuti tchuthi adzatenga chaka chamawa chifukwa mabokosi achuluka, ndimamuonetsa sipanayo, n'kumuuza kuti mabokosi tilongedza otsalafe, iyeyo apite chaka chino.