Mayi Ako Akugona

A Bryson Mataka amayendetsa basi ya ku Easterhouse, kuno ku Glasgow m'dziko la Scotland, ndipo ine ndimakhala nyumba ya pansi pawo. Masiku ano ndi munthu wa mawu ochepa. Koma kale mukawapeza pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, munkathawa nokha, chifukwa nkhani yawo inali imodzi basi: masewero a hoke ya pa ayezi. Munthu wobadwira ku Balaka, amene ayezi ankamudziwira m'mafirizesi a pa depoti, ankatifotokozera za matimu a Canada ndi Sweden, ndi zoti Britain inatengapo golide ku Olimpiki ya 1936, ngati kuti iwo analipo.

Chinawalowetsa m'zimenezi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Ndapile. Anayamba ali wamng'ono, n'kukhala wapagolo wolimba mtima. A Bryson ankadzuka m'bandakucha kumuperekeza ku bwalo, n'kukhala pa benchi atavala majekete awiri, mano akugundana. Akazi awo, a Rozina, ankadandaula kuti mwana adzaguluka mano asanakwatiwe, koma ndi iwo omwe ankachapa zovala zonunkha thukuta zija.

Chaka chimene Ndapile anasankhidwa m'timu ya dziko ya atsikana, a Rozina anali atagonekedwa m'chipatala ndi khansa. Mpikisano wa mayiko unali kutsidya la nyanja, maola ochepa pa ndege. Mwana anakana kupita, koma mayi ake anamukakamiza. Tsiku lonyamuka ndinali pa masitepe, ndipo ndinamva ndi makutu angawa.

"Dadi, zikasintha mundiimbire. Ndibwera pompo. Promise?"

"Ndikuimbira, mwanawe. Pita ukasewere."

Zinasinthadi. Madokotala anauza a Bryson kuti aitane abale. Iwo anaitana akulu a mpingo. A Rowland, mkulu wathu, anakhala nawo pansi n'kuwakumbutsa za kwathu: uthenga woipa sauponya pa foni kwa mwana amene ali yekha pakati pa alendo. Amadikira afike, akhale pansi, pakhale anthu omugwira. Sindikunyoza mwambowo. Unapangidwa ndi anthu achifundo, pa nthawi imene ulendo wobwerera unkatenga sabata. Koma uyu anali mwana wa ku Glasgow, ndipo anali atalonjezedwa. Ndinawauza a Bryson zimenezi pa khomo pawo, mokweza ndithu, iwo n'kungoyang'ana pansi. Nambala ya mwanayo ndinalibe.

A Rozina anamwalira Lachitatu masana. Ndapile anaimba mawa lake, mawu ali m'mwamba, kuti apambana ndipo sanalole chigoli n'chimodzi chomwe. Anapempha kulankhula ndi mayi ake. M'nyumba munali modzaza amayi a Mvano, ndipo a Bryson anatulukira pa masitepe kuti nyimbo isamveke.

"Mayi ako akugona," anatero. "Ndiwauza akadzuka."

Ananena zomwezo tsiku lotsatira, n'kubwerezanso linalo. Gulu lonse la pa foni la mpingo linauzidwa kuti pasapezeke wolemba kanthu. Aliyense anamvera, n'chifukwa chake mpaka lero ndimapsa mtima ndikakumbuka. Anthu amene sasunga chinsinsi cha mimba ya mwana wa mnzawo, ichi chokha anachisunga.

Ku bwalo la ndege tinapita anthu asanu ndi mmodzi. Ndapile anatuluka ndi anzake, akukoka chikwama chachikulu, mendulo ili m'khosi. Ataona a Rowland ali mu suti yakuda pakati pa sabata, ndi ife amayi titamanga mipango, anaima. Sanalire. Anayandikira bambo ake n'kufunsa mawu amodzi.

"Liti?"

"Lachitatu, mwanawe."

Ndinaona milomo yake ikuyenda, akuwerenga mafoni amene anaimba. A Rowland anayamba, "Mwana wathu, ife kwathu timati…" koma iye anawadutsa ngati mtengo wa magetsi. Anakwera galimoto ya makolo a mnzake.

Pa maliro anakhala kumbuyo. Atakwanitsa zaka zokhala payekha anasamukira ku Dennistoun, dera lina la mzinda womwewu, kumene akukhala ndi anzake awiri. Akusewerabe, ndipo anapitanso kunja ndi timu ya akuluakulu, koma a Bryson anamvera kwa ena. Anasiya zokamba za hoke. Aonda, tsitsi layera, ndipo chaka chino adwala mtima kawiri. Ndimawamvera chisoni, ngakhale sindinawakhululukire.

Musaganize kuti mwanayo anawataya. Amawaimbira Lamlungu lililonse, n'kufunsa, "Muli bwanji, Dadi?" Iwo amayankha kuti ali bwino, ndipo nthawi zambiri zimakhala zoona. Akangodula, foni yanga imalira.

"Anti Janet, takwerani mukawaone. Mundiuze zenizeni."