Yankho la mdzukulu wanga linabwera pa khadi losamata

Kalata yoyamba yodandaula ndinailemba Lolemba lotsatira Pasaka chaka chatha. Yachiwiri ndinailemba titangomaliza kukolola chimanga. Yachitatu ndinakaiponya ndekha ku positi ofesi ya pa boma, mvula yoyamba itagwa. Makope ake a kaboni onse atatu ali m'sutikesi yanga. Yankho ndilibe ngakhale limodzi.

Amene ndinkawalemberawo ndi akuluakulu a laibulale ya pa yunivesite imene akuphunzira mdzukulu wanga Agnesi.

Kwa inu amene simukuidziwa nkhaniyi, chibwerere zipani zambiri, laibulaleyo inaika bokosi pakhomo pake. Wophunzira akakhala ndi funso amalemba pa kapepala, n'kuikapo dzina, nambala yake ya pasukulu ndi keyala ya kwawo, kenaka n'kuponya m'bokosimo. Mafunso ake si a mabuku okha. Wina amafunsa mmene angamalizire buku lalikulu mayeso atayandikira. Wina amafunsa chochita akamasowa kwawo mpaka chakudya kumukanika. Winanso amadandaula za mnzake wa m'chipinda amene wailesi sazimitsa. Sukulu ikakhala yotsegula, mayankho amawamata pabolodi. Nthawi ya tchuthi amawatumiza kwawo kwa wofunsayo.

Ntchitoyi ndi yabwino, ndisaname. Ine ndinaphunzitsa mpaka kupuma, ndipo ndinkauza ana kuti safunsa anadya phula pamene ife aphunzitsi awo kufunsa tinkakuopa ngati moto. Kuona ana akufunsa poyera kumandisangalatsa.

Koma dzina ndi keyala n'zachiyani? Timapepalato tikayankhidwa timapita kuti? Kiyi wa kabati yake amasunga ndani? Izi ndi zimene ndinafunsa katatu konse.

Tsopano imvani zimene zachitika sabata ino.

Kuno kumapiri palibe amene ali ndi bokosi lakelake ku positi ofesi. Tonse timadalira la sukulu. Amene wapita ku boma pa njinga amatengera makalata a anthu onse, n'kuwasiya patebulo mu ofesi ya ahedi. Lamulungu Misa ikatha, amaitana mayina panja pa tchalitchi. Mwini akasowa, amapatsira mnansi, mnansiyo n'kupatsiranso wina amene akulowera njira yomweyo. Mmenemo ndi mmene takhalira, ndipo kalata yomata imafika bwinobwino.

Lamulungu lapitali sindinapite ku Misa chifukwa cha bondo, limene likamva chisanu cha Julaye silifuna kupinda. Agnesi naye kulibe, ali kwa azakhali ake ku Lobi kukathandiza kukumba mbatatesi. Choncho yankho lake lochokera ku laibulale linandipeza Lachiwiri. Analibweretsa ndi mayi Nasibeko, amene tayandikana nawo minda. Anandipatsira ndi manja awiri koma maso atayang'ana kumbali, n'kunena kuti linayamba ladutsa nyumba ziwiri asanalilandire iwo. Sanakhale pansi n'komwe.

Silinali mu envulopu. Linali khadi lapululu, sitampu mbali ino, mawu mbali inayo, m'mphepete mutada ndi zala.

Pamwamba pake, monga mwa chizolowezi chawo, a laibulale anakoperapo funso la mwanayo kuti akumbukire zimene anafunsa. Agnesi anafunsa ngati munthu wamba angaloledwe kuona fayilo ya bambo ake amene anamangidwa popanda mlandu nthawi ya chipani chimodzi, ndiponso ngati m'fayilomo mumalembedwa dzina la amene anawaneneza. Pansi pake anamuyankha mwaulemu kwambiri, kumutchulira maofesi amene angalembereko ndi mabuku a malamulo amene angawerenge sukulu ikatsegulira. Pomaliza anamulimbikitsa kuti asaleke kufunsa.

Mwina anaganiza kuti poti zalembedwa m'Chingerezi, kumudzi palibe angazimve. Kuno ndi kwa anthu a sukulu za mishoni. Mayi wogulitsa kabichi pa Chimbiya akhoza kukukonzerani Chingerezi chanu.

Bambo ake a Agnesi anali mwana wanga Filipo, mphunzitsi ngati ine. Anamutenga masana ali m'kalasi, choko chili m'manja. Anabwerako patapita zaka, akutsokomola, ndipo sanakhalitse. Agnesi ndinamulera ine. Ndili ndi kalata imene anamuchotsera Filipo ntchito, ndili ndi kapepala ka zovala zake zimene anatibwezera, ndili ndi chiphaso cha kuchipatala. Pepala limodzi lokha ndi limene ndilibe, lomwe lili ndi dzina la amene anamuneneza. Anthu amanong'ona dzina lina. Ine sindinalitchulepo, ngakhale kwa Agnesi, chifukwa umboni ndilibe, ndipo pano sindilitchula.

Lachinayi ndinatsikira kuchigayo. Pobwerera, munthu amene amanong'onedwayo anandipeza pamlatho wa mitengo. Kale anali wamkulu wa achinyamata a chipani kuno, lero amavala malaya a chipani china. Anatsika panjinga, anavula chipewa, anafunsa za bondo langa. Kenaka anati:

"Aphunzitsi, tamva kuti mdzukulu wanu sukulu ikumuyendera. Koma mumulangize. Malemu aja nawonso ankakonda kufunsafunsa."

Ndinawathokoza. Inde, ndinawathokoza, ine amene ndimalemba m'danga lino la nyuzipepala ngati munthu wolimba mtima. Ndinaimirira pamlathopo mpaka njinga inabisika m'chifunga. Nditafika kunyumba ndinalemba mawu awowo m'kope mmene anawanenera, osaonjezera osachotsera.

Kodi anandiopseza? Woweruza akhoza kunena kuti ayi, anali malangizo a mnansi. Kodi khadilo analiwerenga okha kapena anachita kuuzidwa? Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti chiikire Filipo m'manda, munthuyu sanamutchulepo pamaso panga mpaka sabata ino.

Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Koma apa mwana sanalakwe. Anamuuza kuti nthawi yasintha, afunse chilichonse, ndipo anafunsa chimene mwana wamasiye aliyense angafunse.

Inu a m'tauni mumaganiza kuti mantha anatha tsiku limene tinavota. Kwa inu mwina anathadi, poti amene anakuzunzani simukumana naye. Kuno oneneza ndi onenezedwa timakhala benchi imodzi m'tchalitchi. Pamaliro timakumba manda limodzi. Akazi athu amatunga pamjigo umodzi. Mtendere umene tili nawo ndi wakuti wina sakunena ndipo wina sakufunsa. Sindikuti ndi mtendere wabwino. Ndikuti amene akufuna kuusokoneza ayambe wadziwa kuti akuusokoneza, asachite mwangozi ndi sitampu imodzi ali ku ofesi kutali.

Ndipo si Agnesi yekha. Mtsikana amene anafunsa zoti achite atazindikira kuti ali ndi pakati, khadi lake linadutsa m'manja mwa ndani? Mnyamata amene anafunsa za matenda amene akutha anthuwa, bambo ake anamva kuchokera kwa yani? Ife amene tinaona mmene mndandanda wa mayina umagwirira ntchito timadziwa kuti pepala silisankha mwini. Lero lili m'manja mwa munthu wachifundo. Boma likasinthanso, kabati yomweyo adzaitsegula wina.

Agnesi akubwera Loweruka. Sakudziwa kanthu. Minibasi ikamutsitsa pamsewu, njira yachidule yobwera kuno imadutsa pakhomo pa munthu uja. Ndaganiza zokamuchingamira ndekha, ndi ndodo yanga, kuti tizungulire njira ya kuphiri. Koma tchuthi ndi chachitali. Sindingamuperekeze kumjigo, kuchigayo ndi kukwaya tsiku ndi tsiku, ndiponso sindikudziwa ngati ndimuonetse khadilo kapena ndilibise, ine amene sindinabisepo pepala kwa mwini wake.

Choncho, kudzera m'danga lino, ndikupempha mwaulemu mkulu wa laibulaleyo kuti andiyankhe molemba, atasainira yekha. Anene chifukwa chimene mayankho a ophunzira amatumizidwa osamata, ndiponso ngati aleka. Anene kumene kuli kapepala kamene Agnesi analemba ndi dzanja lake, ndi anthu amene akaona. Anene ngati wophunzira angafunse popanda kupereka dzina.

Ndipo poti ntchito yanu ndi kuyankha mafunso a moyo wa tsiku ndi tsiku, ndikupempha kuti muyankhenso ili, chifukwa ine landikanika: mtsikanayu akakumana ndi munthu uja panjira ali yekha, achite chiyani?