Nkhumba yanga ndi kamakina ka kuchipatala

Sitiroko itandiumitsa dzanja lamanja, akazi anga aNaphiri ankandiperekeza kuchipatala ku Katete kuti dzanjalo liphunzirenso kugwira khasu. Kumeneko mayi wophunzitsa odwala ankandimata paphewa timawaya tochokera ku kamakina kena. Ndikalimbitsa phewalo, kamakina kankalira. Ndikalifewetsa, kankakhala chete.

"Tsinzinani, bambo, muzipuma pang'onopang'ono, muganize chimene chimakupatsani mtendere," anatero mayiyo.

Ndinatsinzina. Kamakina kanangoti zii, ndipo kwa nthawi yoyamba zala zanga zinatambasuka pang'ono.

"Mumaganiza chiyani?" anafunsa mayiyo mokondwa.

Zoona zake, ndinkaganiza nkhumba yanga yaikazi itagona m'matope, ine ndikuikanda pamimba ndi chitsononkho. Koma aNaphiri anali pomwepo, atandinyamulira jekete, maso ali pa ine.

"Ndimaganiza akazi angawa," ndinatero.

ANaphiri anapukuta misozi ndi chitenje. Pofika Lamlungu, amayi onse a kwaya kwathu ku Sinda anali atamva, ndipo amuna awo anayamba kundiyang'ana moipidwa.

Manyazi anandigwira, choncho ulendo wotsatira ndinati bodzali ndilisandutse choona. Ndinatsinzina n'kuganizadi aNaphiri. Pomwepo ndinamva mawu awo akundikumbutsa za denga lathu lodontha. Kamakina kanalira mpaka wodwala wa pabedi lina anadzidzimuka.

"Lero mukuganiza ndani?" anafunsa aNaphiri, nkhope itakwinyika.

"Nkhumba ija," ndinayankha msanga.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Imakuvutitsani maganizo imeneyo. Loweruka tikaigulitsa."

Ndinavomera ndi mutu. Loweruka litafika, chingwe cha nkhumbayo ndinagwira ndine popita nayo kumsika, ndi dzanja lomwe inandichiritsalo.