Njanji za Choko Pabalaza

Bambo a nyumba yapakona aja anapuma ntchito yolumikiza mabogi a sitima, koma mutu wawo sunapume. Masitima achidole amene anagula akadali m'katoni. Amati munthu wanzeru amayamba wakonza posinthira mabogi, sitima pambuyo. Ndiye miyezi itatu tsopano akukwawa pabalaza ndi choko, kujambula njanji pasimenti, kuyeza ndi chingwe, kufufuta ndi malovu. Ukalowa amati, "Dumphani apo, pakubwera sitima."

Loweruka lapitali kumabwera apongozi a mwana wawo. Khoma lotilekanitsa nawo n'lopyapyala, zonse zimamveka. Mayi a m'nyumbamo anafika ndi ndowa.

"Bambo, ndikolope, kapena alendo akhale panjanji?"

"Ndipatseni sabata imodzi yokha."

"Munateronso mwezi watha."

Bambowo anakakhala pakhonde, osafuna kuona. Ankangomva chikolopa chikufinyidwa.

Atalowa anapeza mayi akolopa m'mipata mokha, mizere ili bwinobwino. Yofufutidwa inali njanji imodzi, yodutsa pakhomo la kukhitchini.

Anaima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Imeneyi," anatero, "ikanatsekerezadi injini. Ndimafuna kuichotsa."