Matayala Obwereka a Che Idi

Inu amene mwatopa ndi kubwezedwa pakhomo limodzimodzi, tamvani za Che Idi a ku Kawale.

Tsiku limene ndikuyambira nkhaniyi, bambo wa zaka 57 ameneyu anali ataima pamalo oyezera magalimoto, chipewa chili m'manja, madalaivala anzawo akuseka. Kanali kachitatu minibasi yawo kulephera COF, chiphaso chija amamata pagalasi lakutsogolo chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Tisabise mawu, minibasiyo inali nkhalamba. Oitanira pasiteji anaipatsa dzina loti Agogo. Chitseko ankachimanga ndi linya, ndipo pansi pa mpando wa dalaivala pankakhala mwala wotchingira tayala, poti handibuleki inapuma pantchito kalekale. Ikalira m'mawa, utsi wake unkathamangitsa udzudzu m'nyumba zitatu.

Mphamvu zolimbirana anthu pasiteji Che Idi analibenso. Chimene chinkadyetsa banja lawo chinali kunyamula ana khumi ndi anayi kupita nawo kusukulu ina yaing'ono ku Area 23. Koma potsekera teremu, mwini sukuluyo, Mayi Vaileti, anawaitanira pambali.

“Che Idi, ndimakulemekezani, koma ana awa ndi a eni. Tikamatsegulira, chiphaso chikhale pagalasi. Apo ayi, ndipeza galimoto ina.”

Anapita kukayezetsa, analephera. Anapitanso, chimodzimodzi. Apa m'pamene mnzawo Gilford, dalaivala wa ku Mchesi, anawapatsa nzeru.

“Madala, inu mukuvutikiranji? Kumeneko sapita ndi matayala ako. Umabwereka m'mawa, masana n'kubweza. Zili ngati suti ya paukwati.”

Gilfordyo anali ndi matayala anayi abwino amene ankazungulira pakati pa anzake. Kuti asasokonekere, anawadontheza penti yachikasu chakumkati. Che Idi anavomera. Munthu akatopa, nzeru iliyonse imaoneka ngati ya Mulungu.

Koma khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Woyeza magalimoto wa pamalopo, bambo wosakonda zolankhulalankhula, analowa m'dzenje loonera kunsi kwa galimoto, n'kuunika ndi tochi. Atatuluka anapukuta m'manja pang'onopang'ono.

“Abambo, matayala awa ndikuwadziwa. Lolemba anabwera, Lachitatu anabweranso. Iwowa anakhoza kale mayeso. Yalephera ndi galimoto yanu.”

Phwete linali pamenepo. Anthu akusekabe, woyezayo anasendera pafupi n'kufunsa chapansipansi kuti, “Mumanyamula ndani?”

“Ana asukulu, bwana.”

“Ndiye masana mukabweza awa, anawo adzakwera pa ati?”

Che Idi anavala chipewa chawo n'kukwera m'galimoto. Kusekedwa kunawawa, koma funso limeneli linawawa koposa, chifukwa linali loona. Anakabweza matayala aja, n'kumanganso awo akale, osalala ngati mutu wa dazi. Anafika kunyumba atatheratu, ndipo anauza mkazi wawo Saida kuti Agogo akawagulitsa kwa ophwasula magalimoto ku Mchesi. Anati atopa, ndipo sankanama.

Mayi Saida ndi telala, amasoka pakhonde. M'mawa mwake, pochapa malaya a amuna awo, anapeza m'thumba pepala la zolakwika za galimoto limene woyeza uja anawapatsa, litakwinyidwa. Analiwongola ndi simbi, n'kuliwerenga mzere ndi mzere.

“Bambo a Salama, pepala ili silikukutukwanani ayi. Langolemba zinthu zisanu ndi zinayi. Nanga ine diresi ndimaisoka yonse nthawi imodzi? Ndimayamba ndi mkono umodzi.”

Analibaya ndi phini pakhoma, pamwamba pa makina osokera.

Kunatsala masabata asanu kuti sukulu atsegulire. Che Idi anapita kugalaja ya makaniko wina wa ku Mchesi, dzina lake Lucious, n'kupempha kuti azigwira ntchito iliyonse, bola awaonetse kakonzedwe ndi kuwabwereka zida. Lucious anachita manyazi kutuma munthu wa msinkhu wa bambo ake. Che Idi anati, “Manyazi ndinawasiya pamalo oyezera paja. Ndipatseni sipanala.”

Musaganize kuti zinali zokoma. Munthu wa zaka zimenezo kugona chagada pa katoni kunsi kwa galimoto tsiku lonse si masewera. Mawondo ankatupa. Nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu, ikakwana, ankatenga nthawi yaitali kutsuka girizi m'zala, ndipo kugwada ndi kudzuka kunali nkhondo. Masiku ena ankangokhala pa tayala lakutha, kuyang'ana Agogo, osafuna kulankhula ndi munthu.

Komabe mabuleki anakonzeka. Mayi Saida anadula mzere woyamba ndi choko chawo chosokera. Kenako handibuleki, kenako chitseko, kenako utsi. Mipando yong'ambika anaisoka okha mayiwo.

Matayala ankabwera limodzilimodzi, malinga ndi mmene ganyu ya pagalaja ndi mayunifolomu a pakhonde zayendera. Likapezeka limodzi ku Biwi, Che Idi ankaligubuduza ndi manja m'mphepete mwa msewu. Gilford akawaona ankakuwa ali pachiwongolero, “Madala, mwabwerera ku umwana?” Iwo ankangokweza dzanja, mpweya woyankhira analibe.

Kutatsala masiku anayi, anapita kachinayi. Ndikanakonda kukuuzani kuti anakhoza, koma analepheranso.

“Zonse zili bwino,” anatero woyeza uja, “kupatula nyali yakumanzereyi. Ikufunafuna mwezi kumwamba m'malo moona msewu.”

Apa ndiye Che Idi mtima unatsala pang'ono kuduka. Anakhala m'galimoto kwa nthawi yaitali osailiza. Koma atayang'ananso pepala latsopanolo, anaona kuti linali ndi mzere umodzi wokha. Anabwerera kwa Lucious, naimika Agogo m'shedi moyang'ana khoma, najambula mizere ya choko pakhomapo, n'kumapotokola nyaliyo mpaka inaweramitsa maso.

Lachisanu analowanso pamzere. Woyezayo anayesa mabuleki, nyali, utsi, kenako analowa m'dzenje. Tochi yake inakhalitsa kumkati kwa matayala, tayala lililonse palokha. Penti yachikasu sanaipeze.

“Awa ndi a ndani?”

“Ndi anga, bwana. Simuwadziwa amenewa.”

Bambo wosaseka uja anamwetulira pang'ono, n'kusaina.

Che Idi sanavine, mawondo sakanalola. Atafika kunyumba anatulutsa mwala uja pansi pa mpando n'kuupereka kwa Mayi Saida, amene mpaka lero amatsamiritsira chitseko cha pakhonde. Lolemba m'mawa Mayi Vaileti anayang'ana pagalasi, anayang'ananso matayala, n'kuuza ana kuti akwere.

Kuyambira pamenepo Agogo apita kukayezedwa kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse amakhoza kamodzi n'kamodzi, magalimoto onyezimira akubwezedwa. Chinsinsi chake palibe. Che Idi sadikira tsiku loyezetsa. Loweruka lililonse amayala katoni n'kulowa kunsi, akudandaula za msana.

Sanalemere, ndipo kutopa sikunathe. Koma masiku ano madalaivala a ku Kawale ndi ku Mchesi akalephera COF amathamangira kwa iwo. Ambiri amayamba n'kupempha matayala. Yankho limakhala limodzi: “Matayala sindibwereketsa. Bwera ndi pepala lako, tiyambe mzere woyamba.” Chaka chatha, amene anabwera ndi pepala lokwinyika m'thumba anali Gilford.

Mwina nanunso muli ndi pepala lanu, la mayeso, la ntchito, kaya la banja, limene munalikwinya chifukwa linakuchititsani manyazi. Mwina mwabwezedwa kachitatu, ndipo wina wakunong'onezani kale kumene amabwereketsa matayala. Kumbukirani kuti masana adzafika, mudzabweza, ndipo amene amadalira inu adzakwera pa zanu zenizeni.

Tulutsani pepalalo, muliwongole, muwerenge mzere woyamba. Kutopa n'kololedwa, pumani ndithu. Koma mtima wokhawo osautaya, chifukwa umenewo palibe amene angakubwerekeni.