Ku Saluni ya Misozi, Wolukidwa Ndiye Amawerenga

Lachiwiri lapitali ndinapita ku komboni ya Kapata, kuno ku Chipata, kukalukitsa tsitsi. Loweruka lino mwana wa mchemwali wanga akukwatiwa, ndipo sindikufuna kukaoneka pa zithunzi nditamanga duku ngati ndapita kumaliro. Mayi amene amandiluka nthawi zonse ndinapeza atatseka, akuti ali ku Katete kukadwazika amayi awo. Wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndiye anandilozera kasaluni kena kuseri kwa chigayo.

Mwini wake ndi Misozi, mayi wa ana awiri, wamfupi, wolankhula mofatsa. Pa benchi panali amayi awiri. Ena anali achikulire, Mayi Jere, amagulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, kumsika. Winayo anali namwino wachitsikana amene tsiku limenelo sanali pa ntchito. Onse awiri tsitsi lawo linali loluka kale. Ndinadabwa kuti akudikira chiyani, koma sindinafunse.

Titagwirizana za malukidwe, Misozi anandikhazika pa mpando n'kuyamba kupesa. Kenako anatulutsa foni yong'aluka galasi m'thumba la epuloni n'kundipatsa.

"Amayi, muno lamulo lake n'lakuti ine ndiluka, inu muwerenga. Mokweza, kuti anzathuwa amve."

Ndinavala magalasi, ndikuyesa kuti ndi vesi la m'Baibulo kapena uthenga wotsatsa mafuta a tsitsi. Inali nkhani yopeka. Misozi anafotokoza kuti amailemba yekha, n'kumaiika pa apu ina ya pa foni imene anthu wamba amalembapo nkhani zawo. Kusiyana kwake ndi buku n'kwakuti mutu uliwonse ukatha, wowerenga amapatsidwa njira ziwiri kapena zitatu, n'kusankha chimene munthu wa m'nkhaniyo achite. Nkhani imapitirira motsatira zimene wasankhazo. Ndiye kuti wolembayo amayenera kulemba njira zonsezo, iliyonse ndi mathero ake.

Ine ndinaphunzitsa Chinyanja ku sekondale zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndivomereze kuti uphunzitsiwo unadzuka pa mzere woyamba womwe. Mawu ofunika kulekanitsa anali olumikizana, mipumiro yosowa, Chingerezi chitamwazikamo ngati mchenga mu mpunga. Dzanja linkayabwa kufuna cholembera chofiira. Koma mutu wanga unali m'manja mwa mwini nkhani, choncho ndinawerengabe.

Nkhaniyo ndi ya Enelesi, mlimi wa ku Chiparamba. Iye ndi mwamuna wake anagulitsa mtedza n'kugula matumba awiri a feteleza. Nthawi yothira itakwana, mwamunayo anati matumbawo abedwa. Enelesi anakhulupirira, analira, n'kumapalirabe chimanga chake chachikasu. Tsiku lina akufunafuna mbuzi yosochera, anadutsa m'munda wa mayi wina wosakwatiwa kutsidya kwa dambo. Chimanga chake chinali chobiriwira, chofika m'mapewa. Pa mtengo panali matumba awiri opanda kanthu, okolekedwa kuti aziopseza anyani. Pa thumba lililonse panali chizindikiro chimene Enelesi anasoka yekha ndi ulusi wofiira.

Nkhani inaima pamenepo. Pa foni panaoneka mizere itatu: Enelesi akamutulukire mayi uja pomwepo, kapena akaitane ankhoswe, kapena akhale chete, adzakolole mtedza wake n'kukaubisa kwa amayi ake.

M'pamene ndinadziwa chimene amayi a pa benchi aja ankadikira. Nkhaniyo anaimva kale kangapo. Amabwera kudzaona njira imene mlendo asankhe, kuti atsutsane naye.

Namwino uja anati Enelesi apite pomwepo, chifukwa akachedwa matumba achotsedwa, umboni utha. Mayi Jere anapukusa mutu. Anati kukalipa kumunda kwa eni n'kudzichotsa ulemu, chofunika n'chakuti ana adzakhale ndi chakudya mu Febuluwale, choncho abise mtedza. Ine, mkazi wa mkulu wa mpingo, ndinati banja lili ndi dongosolo lake. Ndinadzimva ndikukweza mawu, khosi nditapendeketsa, Misozi akukoka tsitsi. Ndinadina pa ankhoswe.

Mutu wotsatira unatseguka. Nkhoswe inabwera, inakhala pa mpando, inamvetsera mofatsa, n'kulangiza Enelesi kuti matumba amafanana. Enelesi potuluka kukawatungira madzi akumwa, anaona kaulusi kofiira katakodwa pa mphira wa kaliya wa njinga ya ankhoswewo. Amene ananyamula feteleza uja kupita naye kutsidya anali ankhoswe omwewo.

Mayi Jere anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Za malembo olakwika zinali zitandichoka m'mutu kalekale.

Kuluka kumatenga maola, choncho ndinamufunsa Misozi mmene anayambira. Anati sukulu analekezera giredi naini. Kulemba anayamba chaka chatha, m'mawa akaperekeza ana kusukulu, makasitomala asanayambe kubwera. Kwa miyezi isanu owerenga ake anali anayi: mng'ono wake, mnzake wa kukwaya, munthu wina wosadziwika amene anawerenga mutu umodzi n'kusowa, ndi iye mwini pa foni ya mwamuna wake.

Anayesa zonse zimene anzake pa apuyo amachita. Ankatumiza uthenga m'magulu onse a pa foni, kupempha anthu kuti amuwerengereko. Anthu ankayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, koma akakayang'ana chiwerengero cha owerenga, chili pomwepo. Gulu la makolo a kusukulu kwa mwana wake linamuchotsa, ati akusokoneza. Chithunzi cha pachikuto anasintha katatu. Mwamuna wake, amene amanyamula anthu pa njinga m'tauni, sanamunyozepo, koma tsiku lina anamufunsa mwachifundo ngati sikungakhale bwino kuti nthawi imeneyo azipumako. Akuti funso lachifundolo ndi limene linamuwawa kuposa kuchotsedwa m'gulu.

Anaganiza zofufuta zonse. Tsiku limene anati afufute, kasitomala wina wotopa ndi kukhala anaona foni ili yotsegula pa shelefu, anaitenga n'kuyamba kuwerenga mokweza, mongoseka. Atafika pa matumba aja kuseka kunatha. Kuluka kutatha sanadzuke pa mpando mpaka Misozi atamuikira apuyo m'foni mwake.

"Ndinazindikira kuti ndinkapempha anthu kuti andithandize ineyo," anatero Misozi. "Munthu sawerenga nkhani kuti athandize wolemba. Amawerenga chifukwa akufuna kudziwa kuti Enelesi atani."

Kangati, owerenga anga, tamva akuluakulu akudandaula kuti anthu a kuno kwathu sawerenga? Ine mwini ndanenapo zimenezi pa misonkhano ya aphunzitsi, anzanga n'kumavomereza. Koma tayang'anani m'minibasi, pa mzere wa kuchipatala, m'malole amene amaima masiku pa malire a dziko ku Mwami. Maso onse ali pa foni. Anthuwo akuwerenga. Kungoti sakuwerenga ife.

Misozi anandionetsa ndemanga zimene anthu amamulembera tsopano. Wina ali ku Lundazi, wina ku Lilongwe, wina akugwira ntchito ya m'nyumba ku Joni ndipo akuti akawerenga za dambo lija amamva fungo la kwawo. Onsewa sanawapeze ndi kulengeza. Kasitomala anauza mlamu wake, mlamu anauza mnzake wa kuntchito. Mayi Jere, amene maso awo saonanso zilembo zazing'ono, ndiwo anabweretsa amayi a kumsika, poti nkhani akaimva muno amakaifotokoza uko n'kuisiyira pakati dala.

Aliyense wolemba ndemanga Misozi amamuyankha, ngakhale wongoti pitirizani. Mitu yake ndi yaifupi chifukwa amadziwa kuti bandulo ya munthu wa ku Kapata sichedwa kutha. Ndipo pa njira zitatu zija sipakhala yopepuka. Iliyonse ili ndi pamene imapweteka. N'chifukwa chake anthu amakangana, ndipo wokangana amafuna womuikira kumbuyo, ndiye amakawerengetsa mnzake.

Ndemanga imene inandisangalatsa kwambiri ndi ya dalaivala wa lole amene anawerenga akudikira mapepala ku Mwami. Anadandaula kuti amuna onse m'nkhaniyo ndi oipa, n'kufunsa ngati wolembayo sanaonepo mwamuna wabwino. Wina akanakwiya. Misozi akuti analingalira masiku awiri, n'kuona kuti bamboyo akunena zoona. Anawonjezamo mlongo wake wa Enelesi, wosoka nsapato, wosauka koma wosadziwa kunama. Dalaivala uja tsopano ndiye woyamba kulemba mutu watsopano ukatuluka.

Nkhawa ndili nayo, sindibisa. Owerenga akapatsidwa chiwongolero amakonda kubwezera. Ambiri akumupempha Misozi kuti Enelesi akatenthe munda wa mayi wa kutsidya uja, ena ati akamuthire madzi otentha. Wolemba wofuna kutchuka msanga akhoza kungowapatsa, ndipo pa apu yomweyo ndaonapo nkhani zina zimene ndi ndewu ndi chigololo zokhazokha. Misozi wakana mpaka pano. Akuti mayi wa kutsidya kwa dambo nayenso ali ndi nkhani yake, ndipo anthu akadzaimva adzachita manyazi ndi madzi otenthawo. Kaya adzalimbabe owerenga akadzayamba kuchepa, sindikudziwa. Ndikumufunira kulimba kumeneko.

Pochoka ndinadzipereka kuti ndizimukonzera kalembedwe. Anathokoza mwaulemu, koma anaika malire.

"Mukonze malembo okha, amayi. Enelesi musamulankhulitse ngati ahedi."

Madzulo omwewo ndinaika apuyo m'foni mwanga, ndinabwerera pa matumba paja n'kusankha njira ya Mayi Jere. Nyemba zinapserera pa mbaula.

Koma chimene chinandivuta kwambiri si nyembazo. Kunyumba kwanga, pansi pa bedi, pali sutikesi, ndipo m'sutikesimo muli buku limene ndinalemba ndikadali pa ntchito. Lotayipa bwino, Chinyanja chake chosalala, palibe mpumiro wosochera. Ndinalitumiza kwa osindikiza awiri, sanayankhe, ndinalitsekera. Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti vuto ndi osindikiza ndi anthu osakonda kuwerenga. Koma sindinaliwerengerepo munthu, ngakhale bambo a kunyumba.

Lachinayi amayi a kutchalitchi kwathu tinakumana kuti tisoke makatani a nyumba ya abusa. Ndinalimba mtima, ndinatenga mutu woyamba, n'kupempha kuti ndiwawerengere manja awo akugwira ntchito. Anavomera, mwina poopa kundikhumudwitsa. Ndinawerenga za mapiri ozungulira Chipata, za mitambo ya mvula yoyamba, za mbiri ya makolo a mtsikana wa m'nkhani yanga. Pa tsamba lachinayi mmodzi anayamba kuwodzera singano ili m'manja. Pa lachisanu ndi chimodzi, mayi wina amene sabisa mawu anakweza mutu.

"Amayi, n'zokoma ndithu. Nanga nkhaniyo iyamba liti?"

Ndinafuna kuwauza kuti mabuku enieni amayamba choncho. M'malo mwake ndinatembenuza masamba mpaka pa lakhumi ndi chiwiri, pamene mtsikana uja akupeza kalata yomuitana ku koleji itabisidwa m'Baibulo la bambo ake, tsiku lotsegulira litadutsa kale. Ndinayambira pamenepo. Wowodzera uja anadzuka. Makina osokera anaima. Nditatseka, anandifunsa kuti zotsalazo ndidzabweretsa liti, ndipo awiri anayamba kutsutsana ngati bamboyo anali wankhanza kapena wamantha chabe. Makatani sanathe tsiku limenelo.

Masamba khumi ndi limodzi oyambirira aja ndawachotsa. Zinandiwawa, chifukwa mitamboyo ndinailemba bwino.

Ndikudziwa kuti si ine ndekha. Achinyamata angapo amene amawerenga zolemba zangazi amandilembera kufunsa mmene angapezere owerenga pa maapu amenewa, ndipo anzanga opuma pa ntchito ali ndi makope awo otsekera. Tonse timadandaula za anthu amene sitinawaone nkhope. Ndiye ndikufunseni, inu amene muli ndi nkhani imene mumaikonda: munayamba mwakhalapo pamaso pa anthu atatu amoyo, n'kuwawerengera mokweza, n'kulimba mtima kuona tsamba limene ayambire kuwodzera?