Madzi a Fodya pa Bala la Kamba

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, tikukhala pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda. Bambo anali tenanti wochokera ku Phalombe, ndipo nyumba yathu inali yomalizira pamzere, pafupi ndi zigafa. Tinali ndi njinga, mbuzi ziwiri, ndi kamba mmodzi amene anali wangawanga.

Ndinamutola m'munda wa mtedza mvula yoyamba itagwa. Kukula kwake kunali ngati mbale ya ndiwo, chigoba cha mawanga akuda ndi achikasu. Bambo ndiwo anamutcha Bwana, ati chifukwa ankayenda pang'onopang'ono m'mizere akuyang'ana masamba, koma ntchito osagwirako. Ndinamumangira kakhola ka timitengo kuseri kwa nyumba, ndipo ankadya nkhwani, bonongwe ndi bowa.

Tsiku lina nthawi yosoka fodya, tonse tili m'chigafa manja atada ndi utomoni, tinamva phokoso ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga. Nditathamangira kuseri ndinapeza galu wa akapitawo atapanikiza Bwana ndi miyendo yakutsogolo, akumutafuna ngati fupa. Amayi anamugenda ndi chikuni, galuyo n'kuthawa.

Chigoba chinali chitang'aluka chakumbuyo, pamwamba pali mabowo awiri a mano, mwendo umodzi utakalika. Chimene chinandidabwitsa ndi magazi. Ine ndinkayesa kuti chigoba n'chouma ngati chikho. Chigoba ndi fupa lamoyo, lolumikizana ndi msana ndi nthiti, ndipo chikasweka kamba amamva kuwawa. Kungoti salira. Anangobisa mutu, n'kumapuma mwa apo ndi apo.

Kwa akapitawo sitinapite kukadandaula. Ndiwo ankatipimira chimanga mwezi ndi mwezi, ndipo panalibe tenanti amene akanakangana nawo chifukwa cha kamba.

Amayi anawiritsa madzi, n'kuthiramo mchere pang'ono, n'kudikira kuti azizire. Anatsuka mabala onse ndi kansalu koyera, kuchotsa mchenga ndi malovu a galu, kenako anapanikiza mwendo uja mpaka magazi anasiya. Bambo anabwezera chidutswa chong'alukacho m'malo mwake n'kuchimanga ndi ulusi wosokera fodya. Tinamuika m'dengu pakhonde, pouma. Zonsezi zinali zoyenera. Chimodzi chokha sitinachiganizire: dengulo sitinalivundikire, pomwe nthawi ya dzinja ntchentche zimakhala paliponse.

Patapita masiku angapo Bwana anatulutsa mutu n'kuluma tsamba la nkhwani. Ndinazungulira mzere wonse wa nyumba kuuza anthu kuti wachira. Kenako dengu linayamba kununkha, ndipo m'mabowo a mano muja munali mphutsi.

“Make Esinati, tabwerani muone,” anatero Bambo. “Ntchentche zatichenjerera.”

“Tizichotse ndi kamtengo, imodziimodzi,” anayankha Amayi.

“Nanga zomwe zalowa m'kati? Mbuzi ija tinaichiza ndi chiyani? Si fodya?”

Sankanama. Pa esiteti, mankhwala a bala la chiweto anali fodya. Unkanyika masamba ouma mpaka madzi ade ngati tiyi, n'kuthira pabalapo, mphutsi n'kumatuluka zokha. Mbuzi yathu inapola motero aliyense akuona. Bambo sanatole zinyenyeswa za pansi. Analowa m'chigafa n'kusankha masamba abwino, amene akanapita ku okushoni, chifukwa kambayo anali wa mwana wawo. Anathira madziwo mosamala ndi supuni, ndipo ndinaona madziwo akulowa m'mabowomo osabwereranso. Mphutsi zinatulukadi.

Pofika madzulo miyendo ya Bwana inali lende, ndipo ndikamukhudza sankabwerera m'chigoba. M'mawa mwake ndinamupeza mutu uli pansi.

“Ababa, wagona?”

“Ayi mwanawe, wapita.”

Bambo wina woyandikana nafe anati tisataye ndiwo. Bambo anga anangomuyang'ana, n'kutenga khasu. Bwana tinamukwirira kumapeto kwa munda wa mtedza. Pobwerera anayankhula kamodzi kokha, ngati akudziyankhulira okha: “Komatu mbuzi inachira.”

Nditakula n'kuyamba ntchito yolemba nkhani, ndinafunsapo dokotala wina wa ziweto. Anandiuza kuti mu fodya muli poizoni, ndipo bala la mbuzi linali la pakhungu pomwe mabowo a kamba ankafika m'kati mwa thupi. Kamba wolumidwa ndi galu, anatero, amafunika kumutsuka, kumusunga pouma ndi pofunda, kumuvundikira kuti ntchentche zisatere, ndi kupita naye msanga kwa odziwa, chifukwa mano a galu amasiya tizilombo m'kati.

Masiku ano mwana wa ku Mkanda atha kudziwa zonsezi pafoni ya malume ake madzi asanawire. Chimene sangachipeze msanga ndi kamba weniweniyo, poti tchire lambiri linasanduka minda ndi nkhuni. Ife kamba tinali naye, koma wofunsa tinalibe. Bambo anali akadali moyo pamene ndinamva za dokotala uja, ndipo nkhani ya Bwana ankaikambabe, akutukwana galu wa akapitawo. Za fodya sindinawauze mpaka anamwalira.